Kudzala duwa la bleeding heart pamalo a mthunzi: mafunso ndi mayankho

Mafunso awa ndi a anthu amene ali ndi kamunda ka maluwa kumaiko ozizira, makamaka ku Britain, kumene kuseri kwa nyumba kumakhala kotchingika ndi mpanda, mitengo kapena nyumba ya aneba. Miyezi imene tatchula ndi ya nyengo ya kumeneko. Za kumudzi, ku Malawi ndi ku Zambia, tazikamba chakumapeto, chifukwa yankho lake ndi lina.

Kodi bleeding heart ndi duwa lotani?

Ndi duwa lokhala zaka zambiri pamalo amodzi. Limaphuka, n'kuchita maluwa, n'kuuma pamwamba, kenako chaka chinacho n'kuphukanso kuchokera ku mizu yomweyo. Dzina lake la sayansi ndi Lamprocapnos spectabilis, koma m'manazale ambiri mudzapezabe palembedwa dzina lakale, Dicentra spectabilis. Kwawo ndi kumpoto kwa China, ku Korea ndi ku Siberia. Ku England analibweretsa ndi Robert Fortune, katswiri wa zomera wa ku Scotland, m'zaka za m'ma 1840.

Likakhazikika limatalika masentimita 60 mpaka mita imodzi, ndipo limatambasuka masentimita 60 mpaka 90. Maluwa ake ndi apinki, ooneka ngati mtima, okhala ndi kansonga koyera kunsi. Amalendewera pamzere pa phesi lopindika, ndipo phesi limodzi likhoza kunyamula maluwa 20. Amayamba chakumapeto kwa Epulo n'kufika mu Juni.

Mthunzi wake ukhale wochuluka bwanji?

Malo abwino ndi amene amawombedwa dzuwa la m'mawa kwa maola 3 kapena 4, masana n'kukhala pamthunzi. Pansi pa mitengo imene imayoyola masamba nthawi yozizira ndi pabwino kwambiri, chifukwa mu Malichi ndi Epulo, pamene duwali likuphuka, mitengoyo imakhala isanavale ndipo kuwala kumafika pansi. Kutentha kukamayamba, masamba a mtengo amakhala atatchinga kale.

Kumbukirani kuti ku Britain dzuwa limadzera chakummwera. Khoma loyang'ana kumpoto kapena kummawa ndilo la mthunzi. Loyang'ana kummwera ndi lotentha, ndipo pamenepo duwali limafota msanga. Ku Scotland ndi kumpoto kwa England limapirira dzuwa lochulukirapo ngati dothi silikuuma.

Pali mthunzi wina umene suyenera: wa pansi pa mitengo ya paini kapena mpanda wa mitengo yosayoyola masamba yotchedwa leylandii. Pamenepo pamakhala mdima chaka chonse, mvula safika pansi, ndipo mizu ya mpanda imamwa madzi onse. Duwa limangomera masamba ochepa otuwa, maluwa osaoneka. Pewaninso pampita wa mphepo, monga kanjira kapakati pa nyumba ziwiri, chifukwa mapesi ake ndi amadzimadzi ndipo sachedwa kuthyoka.

Limafuna dothi lotani?

Dothi lofewa, lamanyowa ambiri, losunga chinyezi koma losadikha madzi. Zinthu ziwirizi ziyenera kukhalapo zonse. Pa muyeso wa asidi wa m'dothi, wotchedwa pH, pakati pa 6 ndi 7.5 zili bwino.

Kuti mudziwe ngati malo anu amadikha madzi, kumbani dzenje lakuya masentimita 30 madzulo, lidzazeni madzi. Mukapeza mmawa madzi akadalimo, musadzalepo musanakonze. Vutoli ndi lofala ku London ndi madera ena a dothi lamakande. Sakanizani ndowa ziwiri za kompositi kapena masamba owolerana pa sikweya mita iliyonse, mogaula mpaka masentimita 25 kapena 30, ndipo ngati makande ndi olimba kwambiri, kwezani bedi ndi masentimita 15 mpaka 20. Ena amathira timiyala pansi pa dzenje poganiza kuti madzi adzatsika. Mu makande zimenezo zimangosandutsa dzenjelo kachitsime, mizu n'kukhala m'madzi nyengo yonse yozizira.

Dothi lamchenga vuto lake ndi kuuma. Mankhwala ake ndi omwewo: kompositi wambiri, ndi kuphimbira pamwamba.

Ndidzale liti, ndipo motani?

Mu Malichi ndi Epulo, kapena mu Sepitembala ndi Okutobala. Dothi likakhala lolimba gwa chifukwa cha chisanu kapena lodzadza madzi, dikirani.

Limagulitsidwa m'njira ziwiri. Lina limabwera lili kale m'poto. Limenelo lithirireni kaye, kumbani dzenje lotambasuka kawiri kuposa potoyo, ndipo lidzaleni pa msinkhu womwe linali m'poto. Musapukuse kapena kumasula mizu ngati mmene mumachitira ndi maluwa ena.

Lina limabwera mizu yokha m'kapepala ka pulasitiki, muli utuchi pang'ono, ndipo limapezeka m'masitolo mu Febuluwale ndi Malichi. Ndi lotchipa, koma yang'anitsitsani musanagule. Muzu wabwino ndi wolimba, wolemererako, ndipo pamutu pake pamaoneka timaso tapinki kapena toyera. Wopepuka, wokwinyika kapena wankhungu usiyeni. Mukafika nawo kunyumba, uviikeni m'madzi kwa ola limodzi. Kumbani dzenje lotambasuka masentimita 30, unjikani kadothi pakati, khazikani mutu pa kachuluko timaso titayang'ana kumwamba, mizu itambasukire pansi. Kwirirani kuti timasoto tikhale masentimita 3 mpaka 5 pansi pa dothi. Mukazamitsa kwambiri mutu umawola. Mukasiya pamtunda umauma.

Muzu ukakhala waung'ono, ndi bwino kuuyambira m'poto wa malita 2 kapena 3, n'kudzauwokera mu Meyi utaphuka bwino. Kamphukira kamodzi kotuluka pa bedi lalikulu nkhono zimakamaliza usiku umodzi.

Siyani mpata wa masentimita 60 mpaka 75 pakati pa duwa ndi linzake. Mukatha kudzala, tsindirani ndi manja, osati ndi phazi, n'kuthira keni imodzi ya malita 10.

Kuthirira ndi feteleza zimayenda bwanji?

Kuyambira Epulo mpaka Julayi dothi lisaume. Pisani chala masentimita 5. Mukapeza pouma, thirirani. Mlungu umene mvula sinagwe, malita 25 pa sikweya mita akwanira, ndipo ndi bwino kuthira ambiri kamodzi kapena kawiri kusiyana ndi kuwaza pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku. Thirani pansi, osati pamasamba. Duwa lodzala m'tsinde mwa khoma limafuna kuliyang'ana pafupipafupi, chifukwa denga ndi khomalo zimatchinga mvula ngakhale kwina konse kwanyowa.

Mu Malichi phimbirani ndi kompositi kapena masamba owolerana okhuthala masentimita 5, koma siyani kampata pozungulira mutu wa duwa. Pa dothi labwino zimenezo zakwana. Pa dothi loguga onjezani feteleza wa zonse, monga Growmore kapena wa blood, fish and bone, magalamu 70 pa sikweya mita. Feteleza wobereketsa chimanga, monga Urea kapena CAN, pano sayenera: amabweretsa masamba ambiri ofewa, nsabwe n'kuchuluka, maluwa n'kuchepa. Zitosi za nkhuku zosawolerana zimatentha mizu.

Masamba asanduka achikasu mu Julayi ndipo zonse zagwa pansi. Kodi lafa?

Ayi, silinafe. Funso ili ndi limene limafunsidwa kuposa onse, ndipo maluwa ambiri a mtunduwu amatayidwa ali amoyo chifukwa cha kusadziwa zimenezi. Duwali limagwira ntchito yake yonse ya chaka m'miyezi yochepa yozizirira. Kutentha kukafika limabweza chakudya chonse ku mizu, pamwamba n'kuuma, ndipo limagona pansi pa dothi mpaka Malichi. Pamalo adzuwa ndi ouma limatha kugona kumapeto kwa Juni. Pamthunzi wachinyezi masamba amafika mu Ogasiti kapena Sepitembala.

Musathamangire kudula. Masamba akadali obiriwira, ngakhale maluwa atatha, ndiwo akudyetsa mizu ya chaka chamawa. Chotsani mapesi a maluwa ofota okha ngati akukunyansani. Masamba akachita chikasu onse ndi kufewa, dulani kusiya zitsa za masentimita 5, ndipo zikani kamtengo kapena chizindikiro pamenepo. Popanda chizindikiro mudzaiwala, ndipo mu Okutobala podzala anyezi a maluwa ena fosholo idzadutsa pakati pa mutu wake.

Likagona chepetsani madzi. Dothi lingokhala ndi kachinyezi, lisachite kuuma gwa, koma kupitiriza kuthira makeni tsiku lililonse pofuna kulidzutsa ndiko kumawoletsa mizu.

Chikasu choopsa chimadziwika ndi nthawi yake ndi maonekedwe ake. Chikabwera mu Epulo kapena Meyi, duwa likufota pamene dothi lili lonyowa, fukulani pang'ono ndi chala pamutu. Mukapeza pofewa, pakuda, ponunkha, mizu yawola ndi madzi. Zulani, dulani zowola zonse ndi mpeni woyera, ndipo chotsala cholimbacho mukachidzale pena pamene madzi amatsika.

Nanga mpata umene limasiya likagona nditani nawo?

Dzalani pafupi zomera za mthunzi zimene zimachedwa kutambasula masamba. Hosta ndi zomera zotchedwa fern zimagwira bwino ntchitoyi, chifukwa zimakula pamene bleeding heart akupita kokagona. Astilbe, brunnera ndi Japanese anemone nazonso zimagwirizana nalo pa dothi ndi madzi. Zikhale masentimita 40 kapena kuposa kuchokera pamutu wake, kutsogolo kapena m'mbali. Ngati bedi ndi laling'ono, ingokhazikani poto wa maluwa ena pambali pa chizindikiro chija mpaka Okutobala.

Chifukwa chiyani langa silikuchita maluwa?

Ngati mwadzala chaka chomwechino, makamaka kuchokera ku muzu wa m'kapepala, pirirani. Chaka choyamba limakhala likumanga mizu, ndipo maluwa enieni amabwera chaka chachiwiri kapena chachitatu. Chimodzimodzi limene mwangolisamutsa kapena kuligawa.

Ngati ndi lakale, fufuzani zinthu izi: mthunzi wawonjezeka chifukwa mitengo yakula, munadula masamba akadali obiriwira chaka chatha, mwathira feteleza wa nayitrojeni wambiri, mwina feteleza wothira pa kapinga amene anamwazikira pa bedi, kapena chisanu cha mu Epulo chinawotcha mapesi a maluwa asanatseguke. La m'poto limene linagonekedwa m'nyumba yofunda nyengo yozizira nalonso silichita maluwa, chifukwa silinalandire kuzizira kumene limafuna.

Kodi chisanu chimalipha?

Mizu yake sichita mantha ndi kuzizira kwa ku Britain konse. Imapirira mpaka madigiri 15 kapena 20 pansi pa ziro, ndipo duwali limalimidwa ngakhale ku Canada. Chimene chimapha nthawi yozizira ndi madzi odikha. Choopsa china ndi chisanu chochedwa, cha mu Epulo ndi kumayambiriro kwa Meyi, chimene chimapeza mphukira zanthete zitatuluka kale. Mukamva pa zanyengo kuti usiku kuzizira kufika pa ziro, fundikani ndi nsalu yopepuka ya fleece kapena shiti yakale, mutazika timitengo kuti nsalu isatsamire mapesi, ndipo vundukulani mmawa. Zikapsa ndi chisanu, dulani zakudazo. Nthawi zambiri limaphukanso, kungoti maluwa a chaka chimenecho amachepa.

Ndi tizilombo ndi matenda ati amene amavuta?

Nkhono, makamaka zopanda chigoba zija, ndizo mdani wamkulu mu Malichi ndi Epulo. Kuzitola usiku ndi tochi kumathandiza kuposa mmene anthu amaganizira. Mankhwala ophera nkhono a metaldehyde analetsedwa ku Britain kuyambira mu Epulo 2022. Amene alipo ndi a ferric phosphate, ndipo amamwazidwa motalikirana, osati kuunjika mulu. Nsabwe za m'masamba zimaunjikana pa mapesi a maluwa. Ziphwanyeni ndi zala mutavala magolovesi kapena zitsukeni ndi madzi. M'mapoto, mphutsi zoyera za kachilombo kotchedwa vine weevil zimadya mizu, ndipo chizindikiro chake ndi duwa longofota mwadzidzidzi dothi lili lonyowa bwinobwino.

Pa matenda, awiri ndi ofunika kuwadziwa. Mbali imodzi ya duwa ikafota, ndipo podula phesi mukaona mizere yakuda mkati, amenewo ndi matenda ofotetsa a m'dothi, a Verticillium kapena Fusarium. Masamba akakhala ndi mizere ndi timikombero tachikasu tooneka ngati tojambula, ndi kachilombo ka tobacco rattle virus, kamene kamafalitsidwa ndi tinyongolotsi ta m'dothi. Onsewa alibe mankhwala. Zulani lonse ndi dothi lozungulira mizu, tayani m'bini ya zinyalala, osati pa kompositi, ndipo musadzalenso duwa lomwelo pamalopo.

Akalulu ndi agwape kawirikawiri salidya.

Kodi ndi lapoizoni?

Inde, mbali zake zonse, mizu makamaka. Munthu akadya limampweteka m'mimba ndi kumusanzitsa, ndipo agalu, amphaka ndi ng'ombe limazidwalitsa. Utomoni wake umayabwa pakhungu la anthu ena, choncho valani magolovesi podula ndi pogawa. Maluwa ake amakopa ana chifukwa ndi osavuta kuthyola ndi kuseweretsa. Pakhomo pa ana aang'ono lidzaleni kumbuyo kwa bedi, ndipo mwana akadya, imbani 111, nambala ya azaumoyo ku Britain, kapena pitani naye kuchipatala mutatenga kachidutswa ka duwalo.

Ndingaligawe bwanji kuti ndikhale ndi ambiri?

Choyamba, silifuna kugawidwa pafupipafupi. Likhoza kukhala pamalo amodzi zaka zambiri likungokulirakulira, ndipo ife timati ngati likuchita maluwa bwino, lisiyeni. Mizu yake ndi yonenepa ndipo imathyoka ngati chinangwa chachiwisi. Bala lililonse ndi khomo la kuwola.

Ngati mukufunadi kugawa, dikirani lifike zaka 4 kapena 5. Nthawi yake ndi kumayambiriro kwa Malichi, timaso titangoyamba kuoneka, kapena mu Sepitembala litagona. Lowetsani foloko yolimira masentimita 30 kuchokera pamutu, zungulirani mbali zonse musanatukule, ndipo nyamulani ndi dothi lake. Dulani mutu ndi mpeni wakuthwa, osati kung'amba ndi manja, kuti chigawo chilichonse chikhale ndi timaso 2 kapena 3 ndi mizu yake. Duwa limodzi lalikulu ligaweni pawiri kapena patatu basi. Dzalani tsiku lomwelo.

Mizu imene yathyoka musataye. Zidutswa zonenepa ngati pensulo, zotalika masentimita 7 mpaka 10, zimatha kuphuka. Zizikeni choimika m'poto wa kompositi wosakaniza ndi mchenga theka ndi theka, mbali imene inali kufupi ndi mutu ikhale kumwamba, pa msinkhu wa dothi, ndipo sungani panja pamalo otetezeka ku mvula yambiri. Sizonse zimene zimagwira, choncho zikani zingapo.

Nanga kufesa njere?

Zimatheka, koma ndi njira ya munthu wodekha. Njere zake ndi zakuda, zonyezimira, zili m'timakoko tobiriwira, ndipo zimafuna kufesedwa zikadali zatsopano. Sizimera zisanazizidwe: fesani m'poto n'kumusiya panja nyengo yonse yozizira, kapena sungani njere mu mchenga wonyowa m'firiji kwa milungu 6 mpaka 8. Maluwa amabwera patatha zaka 2 kapena 3. Mitundu yosankhidwa, monga ya masamba achikasu, kawirikawiri situluka yofanana ndi make kuchokera ku njere.

Ndilibe munda, ndili ndi khonde lokha. Lingakhale m'poto?

Lingakhale, m'poto wotambasuka ndi wakuya masentimita 40, wa mabowo okwanira kunsi. Gwiritsani dothi logula m'sitolo lotchedwa John Innes No. 3 magawo awiri, kompositi gawo limodzi. Poto amauma msanga, ndiye mu Meyi ndi Juni muyang'aneni tsiku lililonse. Nyengo yozizira akhale panja, atakwezedwa pa njerwa kuti madzi azituluka. Chaka chilichonse mu Malichi chotsani dothi la pamwamba masentimita 5 n'kuika latsopano.

Ndisankhe mtundu uti?

Wapinki wamba ndiwo wamphamvu kuposa onse, ndipo woyamba kumene ayambire pamenepo. 'Alba' ndi woyera, amaoneka bwino pakona ya mdima. 'Gold Heart' ali ndi masamba achikasu kuyambira pophuka, choncho musadabwe nawo, koma amapsa msanga ndi dzuwa la masana. 'Valentine' ndi wofiira, wa mapesi oderako.

Ngati kugona kwa mu Julayi kukukusowetsani mtendere, pali abale ake a ku North America: Dicentra formosa wa kumadzulo, kuyambira British Columbia mpaka California, ndi Dicentra eximia wa ku mapiri a Appalachian. Ndi aafupi, masentimita 30 mpaka 45, maluwa ake ndi ang'onoang'ono, koma amachita maluwa nthawi yaitali ndipo masamba amakhalapo mpaka nyengo yotentha itatha ngati akuthiriridwa. 'Luxuriant' ndi 'King of Hearts' ndi odziwika. Formosa amayanga pansi pa dothi ndipo pa bedi laling'ono amalowerera anzake.

Kodi ndingalitenge kukadzala kumudzi, ku Malawi kapena ku Zambia?

Sitikulimbikitsa. Duwali limafuna milungu yambiri ya kuzizira kwenikweni, kwa madigiri 5 kapena kutsika, kuti lidzuke ndi mphamvu, kenako miyezi iwiri kapena itatu yozizirira ndi yachinyezi kuti lichite maluwa. Kwathu nyengo imayenda mosiyana. Ku Lilongwe, Blantyre kapena Chipata, mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira koma masana kumafunda, ndipo kuzizirako kukangotha kumabwera dzuwa la Sepitembala ndi Okutobala, louma ndi lotentha, pa nthawi yomwe duwa likanayenera kukhala likuphuka. Likhoza kumera chaka choyamba ndi mphamvu imene linabwera nayo, kenako n'kumafooka mpaka kutha. Ngakhale kumalo okwera ngati Dedza kapena pamwamba pa phiri la Zomba kungakhale kungoyesa mwayi. Ndiponso kulowetsa chomera chamoyo m'dziko kumafuna chilolezo cha a zaulimi ndi chikalata chotsimikiza kuti chilibe matenda. Si chinthu chongoika m'sutikesi.

Koma ndinaonapo bleeding heart pakhonde kumudzi. Limenelo ndi liti?

Limenelo mwina ndi Clerodendrum thomsoniae, duwa loyanga lochokera kumadzulo kwa Africa, limene limatchulidwanso ndi dzina lomweli ngakhale palibe chibale. Maluwa ake ndi oyera, ofufuma, ndipo pakati pamatuluka kaduwa kofiira kwambiri. Limakonda kufunda ndipo chisanu chimaliwononga, choncho kwathu ndiye kwake. Ku Britain limakhala la m'nyumba.

Lidzaleni pamene pali kuwala kwambiri koma dzuwa la masana silimenya, monga kummawa kwa khonde, pa dothi lamanyowa losadikha madzi. Lipatseni waya kapena nsungwi zoti liyangepo, chifukwa limafika mamita 3 kapena 4. Thirirani mokwanira nyengo yotentha, chepetsani mu Juni ndi Julayi pamene limayoyola masamba ena. Maluwa amabwera pa nthambi zatsopano, ndiye duliirani chakumapeto kwa nyengo yozizira, lisanayambe kuphuka. Kuchulukitsa n'kosavuta: dulani nthambi yokhwimirako ya masentimita 10 mpaka 15, chotsani masamba a kunsi, zikani mu mchenga wonyowa pamthunzi kapena muiviike m'botolo la madzi, ndipo pakatha milungu ingapo mizu imatuluka. Yang'anirani kunsi kwa masamba, kumene kumabisala tizilombo toyera tokhala ngati thonje ndi akangaude ang'onoang'ono ofiira nyengo youma.